Kalata kwa a Nduna ya za Mphamvu ndi akuluakulu a ERB: banja wamba lilibe kwina kogula magetsi

Olemekezeka a Nduna, ndi inu akuluakulu a Energy Regulation Board (ERB), bungwe loyang'anira mitengo ya magetsi,

Landirani moni wochokera ku Mtendere. Ndine munthu wamba, wobadwira ku Katete koma wokhalitsa muno mu Lusaka, ndipo ndalimba mtima kukulemberani poyera chifukwa makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nkhani ya magetsi imakambidwa kwambiri m'maofesi ndi m'mahotela, m'Chingelezi, ndi anthu amene kunyumba kwawo kuli sola ndi jenereta. Ife ogula mayuniti a K50 kapena K100 pa foni timangomva pa wailesi kuti mtengo wasintha. Ndiye ndati nanenso ndiyankhulepo.

Dandaulo langa nali. Mwatsegulira olemera khomo losankha kogula magetsi, koma banja wamba mwalisiya pamene lakhala lili kuyambira 1970, chaka chimene ZESCO, kampani ya boma ya magetsi muno mu Zambia, inakhazikitsidwa: wogulitsa mmodzi, mtengo umodzi, ukakana ugone mumdima. Mu 2024 boma linatulutsa malamulo a open access, amene amalola wopanga magetsi kapena wogula wamkulu, wofika megawati imodzi, kudutsitsa magetsi pa mawaya a ZESCO n'kulipira ya njira. Migodi ina inayamba kugula kwa amalonda a magetsi monga Africa GreenCo, ndipo ena mwa magetsiwo amachokera kunja kwa dziko. Sola ya ku Chisamba, ya mamegawati 100, imene a Pulezidenti Hakainde Hichilema anatsegulira mu Juni 2025, wogula wake wamkulu ndi mgodi wa First Quantum. Ku Copperbelt nako migodi yakhala ndi wogulitsa wakewake, kampani ya Copperbelt Energy Corporation (CEC), kuyambira 1997. Zimenezi sindikuzitsutsa ayi. Migodi imadya pafupifupi theka la magetsi a dziko lino, ndipo ikadzipezera kwina imapepuza katundu wa ZESCO. Koma tatiuzani, a Nduna, m'malamulo onsewa mayi wa ku Kanyama ali pa tsamba liti? Megawati imodzi ndi magetsi a nyumba mazanamazana. Mayiyu sadzafikapo mpaka kalekale.

Ubwino wa mpikisano tinauona ndi maso athu pa mafoni. Kale foni inali ya ochepa, ya kampani imodzi ya boma. Zitabwera Telecel ndi Celtel, zimene lero ndi MTN ndi Airtel, ngakhale wogulitsa tomato pa Soweto Market anakhala ndi foni m'thumba, ndipo netiweki ikamuvuta amangosintha simu. Foni yomweyo ndi imene timagulira mayuniti. Njira yotumizira ndalama timasankha tokha, koma kumene ndalamayo ikupita n'kumodzi basi.

Tsono taonani mmene mtengo wayendera. Mu 2017 unakwera ndi 75 peresenti, m'magawo awiri, Meyi ndi Seputembala. Pa 1 Januwale 2020 unakweranso kwambiri, ndipo mayuniti otsika mtengo a pamwezi anachepetsedwa kuchoka pa 200 kufika pa 100. Mu 2023 inu a ERB munavomereza ndondomeko ya mitengo ya zaka zisanu, kuyambira 2023 mpaka 2027. Tisanapume n'komwe, kunagwa chilala. Pa 29 Febuluwale 2024 a Pulezidenti analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, mu Marichi magetsi anayamba kuzima maola 8 patsiku, ndipo pofika Seputembala madera ambiri ankakhala mumdima maola 21. M'kati mwa mdima womwewo, pa 1 Novembala 2024, munayambitsa mtengo wadzidzidzi wofuna kusonkhanitsa madola 15 miliyoni a ku America mwezi uliwonse, ogulira magetsi kunja. Munati ndi wa miyezi itatu, koma munautalikitsa kangapo. Anthu analipira zambiri pa chinthu chimene ankachiona maola atatu patsiku, ndipo panalibe khomo lina loti akagogodepo.

Ndisakunamizireni. Pa mtengo wadzidzidziwo munatsitsako mtengo wa mayuniti oyambirira a pamwezi, n'kukweza kuposa kawiri mtengo wa ogwiritsa ntchito magetsi ambiri. Papepala ndi nzeru yabwino: wosauka alipire pang'ono, wa nyumba yaikulu alipire zambiri. Koma pepalalo limaganiza kuti mita imodzi ndi banja limodzi, ndipo apa ndi pamene ndikupempha kuti mundimvetsere modekha, chifukwa m'makomboni zinthu sizili choncho.

Lowani m'bwalo lililonse ku Chawama, ku George, ku Ng'ombe kapena ku Kalikiliki. Kutsogolo kuli nyumba ya landilodi, kumbuyo mzere wa zipinda, chitseko chilichonse banja lake. Mita ndi imodzi, ndipo kawirikawiri kachipangizo kodinira manambala kamakhala m'nyumba ya landilodiyo. Mwezi ukayamba aliyense amasonkha yake, mwana wa sukulu n'kulemba mayina m'kope. Wina amawerenga mokweza manambala 20 a tokeni, wina akudina, ndipo mita ikalandira onse amapumira m'mwamba. Kugula koyambako mayuniti amabwera ochuluka. Akagulanso pakati pa mwezi, ndalama yomweyo imabweretsa mayuniti ochepa. Kachitatu ndiye amangokhala ngati sanagule. Mita siidziwa kuti kumbuyoku kuli mabanja angati, imangowerenga mayuniti a mwezi wonse n'kukwera makwerero. Tiyerekeze mabanja 6, lililonse logwiritsa ntchito mayuniti 80 pamwezi: mababu awiri, TV, kutchaja mafoni, mwina ndi kafiriji kakang'ono. Banja lililonse palokha likanakhala pa mtengo wotsikitsitsa. Pamodzi afika mayuniti 480, ndipo mbali ina ya mwezi akulipira mtengo umene munakonzera anthu a magiza ndi madziwe osambira.

Zotsatira zake timaziona tsiku ndi tsiku. Mayuniti akatha msanga, anthu amayamba kuyang'anana ndi diso lofiira. Ndani ali ndi stovu yobisa pansi pa bedi? Ndani akutenthetsa madzi ndi kahita m'ndowa? Landilodi amaletsa stovu, amaletsa simbi, ena amafika polowa m'zipinda za eni kukafufuza. Mayi amene ankagulitsa maaisibuloko kuti apeze ya ndiwo amauzidwa kuti azimitse firiji yake kapena asamuke. Anthu okhalira limodzi zaka, obwerekana mchere, olirana maliro, amaleka kupatsana moni chifukwa cha mayuniti. Palibe amene waba. Iwo sadziwa kuti mlandu uli pa kawerengedwe ka mtengo, ndiye amaupachika pa mnzawo wa chitseko chotsatira.

Pomwepo ku mayadi, munthu wopeza bwino waika mapanelo a sola padenga, wagula mabatire ndi stovu ya gasi. Mayuniti amene akugula pa mita achepa, mwina safika n'komwe 100, ndipo iye ndi amene akudyerera mtengo umene munaikira osauka. Sindikumuda, wadziteteza monga mmene aliyense akanachitira akanakhala nazo. Boma linachita bwino kuchotsa misonkho pa zipangizo za sola, ndiponso malamulo a net metering a 2024 amalola mwini denga kubwezera magetsi otsala ku mawaya. Koma denga ndi la landilodi. Wa lendi sangakhome panelo pa nyumba ya eni, ndipo ngakhale atamulola, ndalama yogulira batire ndi ya chakudya cha miyezi ingapo. Kusankha kwafika kwa mwini mgodi ndi mwini denga. Amene watsala pa mita yekhayekha ndi uja wopanda chilichonse, ndipo ndikuopa kuti olemera akamachoka mmodzimmodzi, ngongole za mawaya ndi madamu zidzatsalira iyeyo.

Palinso anthu amene magetsi kwa iwo ndi khasu. Pa msewu wa Alick Nkhata, msewu womwewo wopita ku maofesi anu a ERB, pali anyamata a ku Kalingalinga owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, pamodzi ndi akalipentala. M'miyezi ya mdima ija ambiri otere ankagona pa malo antchito. Malaiti akabwera pakati pa usiku mumamva ana akufuula m'komboni monse, ndipo nthawi yomweyo makina owotcherera ayamba kulira, amayi adzuka kusita mayunifomu, wa saluni akutchaja zometera, wa butchala akugwiragwira nyama kuti aone ngati ikadali bwino. Tambala asanalire, malaiti apitanso. Amene anatha anagula jenereta, koma mafuta ake amadya phindu lonse. Amene sanathe anatseka, ndipo anyamata amene ankawalemba ganyu ali pamsewu. M'nyumba nsima inabwerera pa mbaula, thumba la makala linakwera mtengo, ndipo njinga ndi malole odzaza matumba zinachuluka m'misewu yochokera ku Chongwe, Rufunsa ndi Mumbwa. Banja limodzi linkalipira kawiri, mayuniti ndi makala, ndipo nkhalango inalipira kachitatu.

Ndikudziwa kuti mvula simugwetsa ndinu. Magetsi oposa 80 peresenti a dziko lino akhala akuchokera ku madzi, ndipo nyanja ya Kariba itaphwa mu 2024, siteshoni yopangira magetsi ya Kariba North Bank, ya mamegawati 1,080, inatsala pang'ono kuimiratu. Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, imene tinaisangalalira itamalizidwa mu 2023, nayonso imadikira mvula yomweyo. Ndikudziwanso kuti ZESCO imagula magetsi kwa makampani monga Maamba ndi Ndola Energy pa mtengo wa madola n'kumatigulitsa ife pa kwacha, ndiponso kuti ngongole yake kwa makampani oterewa inapitirira madola 1 biliyoni. Ogwira ntchito ake amakwera mapolo usiku, mvula ili pamsana, ndipo ambiri a iwo amakhala m'makomboni momwemu. Magetsi sapangidwa ulere, ndipo wandale amene angatilonjeze magetsi otchipa mpaka muyaya akutinyengerera chabe. Chilala cha 2015 chinatichenjeza, cha 2019 chinatichenjezanso. Maboma asintha, koma chizolowezi chothamangira kukweza mtengo madzi akaphwa sichinasinthe.

Sindikunenanso kuti mpikisano ndi mankhwala a nthenda zonse. Palibe wamisala amene angadzale mapolo a makampani atatu mu msewu umodzi wa ku Mandevu. Mawaya adzakhala amodzi basi. Abale athu ku Malawi anagawa kampani yawo ya magetsi ya ESCOM mu 2017, kampani yatsopano ya EGENCO n'kutenga ntchito yopanga magetsi, koma banja la ku Lilongwe likugulabe kwa wogulitsa mmodzi, ndipo kuzimazima sikunathe chifukwa cha kugawako. Ku Britain, kumene banja limasankha kampani, ogulitsa oposa 20 anagwa mu 2021 mtengo wa gasi utakwera, ndipo zotayikazo anazisenza ogula. Ndiye kungochulukitsa mayina a makampani si zimene ndikupempha.

Kwathu ku Katete, mudzi ukakhala ndi chigayo chimodzi, mfumu siigona tulo. Imayang'ana chitini choyezera, imafunsa chifukwa chimene mtengo wakwerera, chifukwa imadziwa kuti anthu ake alibe kwina kokagayitsa. Ntchito imeneyo pa magetsi ndi yanu, a ERB, ndipo malamulo a 2019, Energy Regulation Act ndi Electricity Act, anakupatsani mphamvu zake. Pamene ife sitingathe kuchoka, inu muyenera kutiimira kuposa mmene mukanaimira munthu amene ali ndi kothawira.

Yambani ndi mita ya m'bwalo ija, chifukwa imeneyo siifuna damu latsopano kapena ngongole ya kunja. Lolani bwalo la mabanja angapo lilembetse, anthu anu abwere adzawerenge zitseko, ndipo mayuniti otsika mtengo aperekedwe molingana ndi chiwerengero cha mabanja. Kapena tsitsani mtengo woikira mita yachiwiri ndi yachitatu pa malo pamene waya wafika kale, ndipo mulole kuti ndalamayo izidulidwa pang'onopang'ono pogula mayuniti. Malandilodi ambiri sakana mita chifukwa cha nkhanza, amakana chifukwa ndalama yolipira nthawi imodzi ndi yambiri. Makhansala ndi ma Ward Development Committee amadziwa bwalo lililonse m'dera lawo. Kaundula wa Social Cash Transfer aliponso, wosonyeza mabanja ovutikitsitsa. Zipangizo zodziwira wosauka weniweni boma lili nazo kale, kwatsala n'kuzilumikiza ndi mita.

Kenako tiuzeni zoona za mitengo. Yuniti imodzi ZESCO imaigula zingati kwa wopanga aliyense? Mgodi uliwonse umalipira zingati? Nanga magetsi ogulitsidwa kunja amapita pa mtengo wanji, ndipo pa mgwirizano wa zaka zingati? Wamalonda wodutsitsa magetsi pa mawaya amene tonse tinalipirira, amasiya zingati za njira, ndipo kodi zimakwanira kukonzera mawayawo? Ndalama za mtengo wadzidzidzi zija zinasonkhanitsidwa zingati mwezi ndi mwezi, zinagula mamegawati angati, ndipo anapita kwa yani? Mayankho ake asamakhale m'malipoti a masamba mazana okha. Alembedwe pa tsamba limodzi, awerengedwe pa wailesi m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga, m'Chilozi ndi m'zinenero zina zathu. Munthu akadziwa chimene akulipirira amapirira. Chimene chimawawa ndi kulipira uli m'chimbulimbuli, ukukayikira kuti mwina K50 yako ikuthandiza kupepuza bilu ya kampani yogulitsa kopa pa madola. ZESCO ndi ya boma, kutanthauza kuti ndi yathu, ndipo mwini chinthu sabisiridwa mabuku.

Pa nkhani ya kusankha, njira ilipo yoti ifenso tilowe pa khomo limene mwatsegula. Banja limodzi silingafike megawati, koma msika wonse, kapena owotcherera, akalipentala ndi a zigayo a dera limodzi atapanga kopaletivu, angathe kuyandikira. Lolani magulu otere aphatikize magetsi awo n'kuwerengedwa ngati wogula mmodzi, kuti athe kukambirana mtengo ndi wopanga sola. Madenga a misika, masukulu ndi matchalitchi ndi aakulu, ndipo dzuwa la Lusaka silisowa. Lolani sola ya pa denga la tchalitchi kapena la msika igulitse kwa nyumba zoyandikana, pansi pa chilolezo chosavuta kupeza, kuti wa lendi nayenso alaweko. Ndipo kuti zonsezi ziyende mwachilungamo, woyang'anira mawaya akuluakulu akhale wosiyana ndi wogulitsa magetsi. Sizingatheke kuti mwini njira, amenenso ali ndi katundu wake wogulitsa, ndiye aziweruza kuti adutse ndani poyamba. A Competition and Consumer Protection Commission, amene lamulo la 2010 linawapatsa ntchito yoteteza ogula, akhale nawo pa zokambirana zimenezi.

Pali kanthu kenanso kamene kamaoneka kakang'ono kwa inu koma kwa ife n'kakakulu. Ndandanda ya kuzima kwa magetsi ikalengezedwa, isungidwe. Wophika mabanzi akauzidwa kuti magetsi abwera 14 koloko, amakanda ufa 13 koloko. Akapanda kubwera, ufa, shuga ndi yisiti zonse zapita. Ku Britain komwe ndatchula kuja, kampani ya mawaya imalipira banja ngati magetsi achedwa kubwerera kupitirira maola oikika. Ife sitikupempha ndalama m'manja. Mita zathu ndi zolipiriratu, ndiye kubweza mayuniti angapo kwa anthu a dera limene lakhala mumdima kupitirira lonjezo n'kosavuta. Wogulitsa amene sataya kalikonse akaphwanya lonjezo alibe chomufulumizitsa, makamaka akadziwa kuti wogula wake sangapite kwina. Ife timalipira tisanagwiritse ntchito, ndipo palibe wa mita yolipiriratu amene ali ndi ngongole ya mayuniti. Ngati pali maofesi a boma kapena makampani akuluakulu amene ali ndi ngongole za magetsi, mayina awo alengezedwe, ndipo ayambe alipira iwo musanabwerenso kwa ife.

Ndikudziwa kuti lamulo limakulamulani kumva maganizo a anthu musanavomereze mtengo, ndipo misonkhano yotere mumachititsadi. Koma kawirikawiri imachitikira m'maholo a m'tauni, nthawi ya ntchito, m'Chingelezi, ndipo oyankhula amakhala a mabungwe a migodi, a mafakitale ndi a alimi akuluakulu. Mayi wa saluni sangatseke shopu tsiku lonse kuti akamvere nkhani imene sadzaloledwa n'komwe kuiyankha m'chinenero chake. Ndondomeko ya mitengo imene ilipoyi ithera mu 2027, ndipo ina idzabwera. Isanavomerezedwe, bwerani Loweruka masana ku Mtendere, ku Kanyama, ku Matero ndi ku Chawama. Maholo a masukulu ndi a matchalitchi alipo, mipando tidzayala tokha. Mudzabwere ndi munthu wodziwa kuwerengera mayuniti, ife tidzabwera ndi makope athu a zosonkha ndi mauthenga a matokeni amene ali m'mafoni, ndipo tidzawerengere limodzi kuti banja la chipinda chimodzi likulipira zingati pa yuniti. Pa nkhani ya mita ya mabanja ambiri ndikupempha yankho lanu poyera, pa wailesi kapena m'nyuzipepala, lonena chimene mudzachite ndi mwezi umene mudzayambe.

Ndine wanu mwaulemu,
Wokhala ku Mtendere, Lusaka